Kachitseko ka Amayi m'Ndege

Lolemba, 3 Juni 2024

Amayi akupita ku Nyuzilandi! Viza yatuluka lero. Uthenga wandipeza pamzere wa madzi, ndavina mpaka kugwetsa chigubu cha eni ake, komboni yathu yonse ya George kumati Ngosa wapenga. Ndipenge kumene.

Kafula, mng'ono wanga wa unesi ku Auckland, akuyembekezera. Zaka khumi ndi chimodzi m'banja popanda mwana, lero ndi izi. Adokotala akuti cha pa 22. Iye akupempha chinthu chimodzi basi: Amayi adzakhale oyamba kusambitsa khandalo. Amuna ake, ba Mathews, ali kuno kale, anabwera kudzaika chiliza pamanda a bambo awo ku Kitwe, ndiye abwerera limodzi ndi Amayi.

Chiuno cha Amayi sichingalole kukhala tsonga ulendo wonsewo, choncho Kafula wati akwere bizinesi kilasi, ya mipando yosanduka bedi. “Ba sisi, musankhe ndimwe ndeke, ine mutu sugwila nchito.” Ine telala wa pakhonde, amene mpando wapamwamba ndimaudziwa ndi wa pambali pa dalaivala wa minibasi, lero ndikusankha ndege. Mulungu amaseketsa.

Lachiwiri, 4 Juni

Malaiti kulibe, makina ali zii, ndiye tsiku lonse ndili pafoni kuonera mavidiyo. Zatsala ndege ziwiri.

Ya Joni: imadzera ku Joni ndi ku Sydney, inyamuka Loweruka lino. Yatsala ndi mipando iwiri yokha, yogundizana.

Ya Aluya: imazungulira ku Arabiya, kenako maola 17 m'mwamba osatera. Aliyense ali ndi kachipinda kake ka chitseko. Koma malo alipo Lachinayi la sabata yamawa, pa 13.

Nanga pali chosankha apa? Mimba siyang'ana kalendala. Ndauza ba Mathews kuti agwire ya Joni.

Amayi ndawaonetsa zakudya, matawulo otentha, mpaka zovala zogonera zimene amagawa. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti, “Nanga amachapa ndani zonsezi?”

Lachitatu, 5 Juni

Zavuta. Ndipo wazivutitsa ndine.

Ndimawaonetsa m'mene mpando umagonera. Pavidiyo mzimayi wagona, pambali pake mwamuna wagonanso, zigongono kutsala pang'ono kukhudzana. Amayi aloza ndi chala.

“Apa ndi panga. Nanga apa?”

“Apo ndi pa ba Mathews.”

Kenako andibwezera foni ngati yawaotcha.

“Ine ndigone, miyendo tambalale, apongozi ali apa? Ndiziliza mkonono apongozi akumva? Nditafune nyama akundiona m'kamwa? Sindipita.”

Ndinaiwala bwanji ine? Amayi ndi a ku Katete enieni, zaka makumi anayi za mu Lusaka sizinawasinthe. Chikwatire Kafula, sanagwirepo dzanja la ba Mathews, sanadyepo pamaso pawo. Akabwera, Amayi amakhala pamphasa kuseri kwa katani, moni ndi wa m'manja, mawu amadzera mwa ine.

Ndakalipa, sindinama. Ndati mwana wanu walira zaka zonsezi, inu mukukana chifukwa cha mkonono? Iwo angoti, “Ulemu suthera pa eyapoti.” Ndatuluka kukakhala pamakina osasoka kanthu.

Lachinayi, 6 Juni

Ba Mathews abwera masana. Iwo pampando panja, Amayi kuseri kwa katani, ine pakati ngati waya wa foni.

Ati iwo akhoza kukakhala kumbuyo, kwa anthu wamba. Ndapereka uthengawo kwa Amayi. Yankho: “Uwauze apongozi kuti sangakhale kumbuyo ngati katundu ine ndikugona. Komanso pampando wawopo pazagona mwamuna wa ndani?” Ndaperekanso, ngakhale anamva okha, katani yake ndi yopyapyala ngati sefa.

Ba Mathews ayang'ana nsapato zawo. Ndikudziwa chimene amawerenga: masiku asanu owonjezera, mkazi ali yekha kutali, mwana woyamba. Kenako aomba m'manja.

“Muwauze Amai kuti tizayenda na ija ya chitseko. Bazagona bwino.”

Kuseri kwa katani kwamveka m'manja, phu phu phu, nthawi yaitali.

Powaperekeza ndati, “Mulamu, mukapeza mwana ayamba kale sukulu.” Aseka, koma kuseka kwa pamwamba chabe. Kafula walira pafoni, kenako wati, “Ni Amai baja, tizachita bwanji.” Munthu uyu Kafula anasankha bwino, ndanena ndanenanso.

Loweruka, 8 Juni

Ya Joni yapita lero. Ndinamva ndege ndikuyanika zovala, sindinayang'ane kumwamba.

Lamulungu, 9 Juni

Amene ankati sindipita uja lero ndiye mwini ndege! Potuluka m'tchalitchi azimayi awazungulira, iwo akufotokoza ngati anakwerapo: “Chipinda changachanga, chitseko chochita kukoka chonchi. Ukadina batani, mtsikana abwera ndi tiyi.” Bana Mpundu, anzawo a m'kwaya, akuti, “Mayo! Ninshi mukakana kuseluka.” Ati adzakana kutsika m'ndegemo.

Kunyumba tayeserera. Ndayala makushoni pakati pa mipando iwiri, thireyi kukhala chitseko. Ine wogwira ntchito m'ndege, thaulo padzanja: “Madamu, nkhuku kapena nsomba?” Iwo, “Zonse, mwanawe, andilipirira kale.” Taseka mpaka misozi. Afunsa ngati chitsekocho chili ndi loko. Ndati ayi. Akuti atenga chitenje chapadera, mwina pali mpata.

Ndawasokera madiresi awiri a flanelo, akuti uko kukuzizira kuposa Juni wathu.

Lachiwiri, 11 Juni

Kafula akuti msana ukumuwawa. Sindinawauze Amayi. Mwana iwe, dikira pang'ono, ndakupempha.

Lachinayi, 13 Juni

Apita! Pa eyapoti Amayi patsogolo, duku latsopano, handibagi kukhwapa, ba Mathews mapazi asanu kumbuyo ndi zikwama zonse. Pondikumbatira andinong'oneza kuti, “Nanga ndikafuna kuwauza kanthu, iwe kulibe?” Ndati muzauza katani. Anditsina.

Madzulo ba Mathews atumiza chithunzi asananyamuke: Amayi pampando waukulu ngati wa abusa, kapu ya juwisi m'manja, nkhope yoopsa ngati ya pachitupa. Ya chitseko ija akakwera akafika kwa Aluya.

Nyumba yakula bwanji lero.

Lachisanu, 14 Juni



Cha m'ma 7 m'mawa waimba Sophie, mnzake wa Kafula wa kuntchito: Kafula ali kuchipatala, zayamba. Amayi ndi ba Mathews ali m'mwamba, pakati pa nyanja! Ndinakhala pansi pakhonde, mkwiyo ndi mantha pamodzi. Akanakwera ya Joni bwenzi ali pambali pake. Kachitseko, kachitseko!

10 koloko yadutsa pang'ono, foni. Mtsikana! Makilo atatu, tsitsi bii, Kafula ali bwino. Ndipo wauza manesi anzake kuti angomupukuta, asamusambitse, ambuye ake ali m'njira. Ndakuwa mpaka Bana Mpundu kuthamangira kuno ndi sopo m'manja.

Ndege ija ili ndi intaneti, ndiye ndatumiza chithunzi kwa ba Mathews. Yankho: “Nalila. Manje nizabauza bwanji? Imwe kulibe.” Ndati mulamu, zimenezo muone nokha.

Patapita mphindi makumi awiri, vidiyo. Wajambula ndi mtsikana wa m'ndege, ikugwedera chifukwa akuseka. Magetsi ndi ochepa, anthu agona. Ba Mathews, atate a mwana, agwada pakanjira kutsogolo kwa kachitseko kotseka, pamwamba pake papachikidwa chitenje chija. Aomba m'manja.

“Odi, Amai.”

Aombanso m'manja.

“Amai, ni ine. Mwana wabadwa. Mukazi.”

Chitseko chija khwee! Amayi atulukira m'zovala zogonera za m'ndege, duku lapendekeka, ndipo nthungululu imene aimba, Ambuye! Mitu ya azungu ikudzuka umodziumodzi. Wina waombera m'manja osadziwa n'chiyani.

Kenako aona kuti munthu akadagwadabe. Amugwira manja onse awiri. Amayi anga, manja a ba Mathews! Amayi akuti:

“Pepani, bambo. Ndakuchedwetsani ine.”

“Iyai, Amai.”

“Dzukani. Khalani apa mundionetse mdzukulu wanga.”

Ba Mathews akhala pa kampando kopondapo mapazi, mitu iwiri pafoni imodzi, Amayi akuti mphuno ndi ya kwanu iyi, musakane. Mtsikana wa m'ndege wafunsa mwaulemu ngati akoke chitseko kuti ena agone. Ba Mathews amasulira.

Amayi osadzutsa n'komwe mutu. “Muuzeni achisiye. Ndipo abweretse tiyi, makapu awiri.”