Zala Zanga pa Kagalasi ka Bwalo la Ndege

Tengani, Nsanje

Wokondedwa mwana wanga Priska,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako a Rodgers, ndiponso kuti wam'mimbayo akusewerabe. Kuno tilipo, kupatula kutentha ndi bondo la bambo ako. Pa foni paja ndinangolira, choncho ndati ndilembe mwadongosolo. Mlongo wako Humphrey ajambula kalatayi akutumizire.

Ukukumbuka kuti popempha viza ku Lilongwe ananditenga zidindo za zala zonse khumi, ndipo zinatuluka bwino. Nditabwerera kumudzi, iwe unati ukulakalaka mlamba wowamba. Sindinafune wapamsika wa ntchentche uja. Ndinagula wauwisi kwa asodzi n'kuwamba ndekha milungu itatu. Ukundidziwa, nsomba pamoto ndimatembenuza ndi manja ngati mayi anga, ndipo waya wowambirapo ndimakwecha ndi phulusa ndi mchenga. Zala zinapsa n'kusupuka, ine osalabadira.

Ndege itatera kwanuko, alendo tonse anatiimika pamzere. Aliyense amaika zala pa kagalasi, kanyali kobiriwira n'kuyaka, iye n'kudutsa. Patsogolo panga panadutsa anthu khumi ndi anayi. Ine panayaka kofiira.

Mtsikana wa yunifolomu anandipukuta zala, anandidzoza mafuta, anati ndikanikize kwambiri, kenako anati pang'ono. Tinayesa chala chimodzichimodzi. Makina anavomera chimodzi chokha, kakang'ono ka kumanzere, kaulesi kaja. Anati chimodzi sichikwanira.

Ananditengera m'kachipinda. Bambo wina anandifunsa mwaulemu kuti zala ndinaziwotcheranji. Ndinamuyankha m'Chingerezi chomwe ndinaphunzitsa ana zaka makumi atatu kuti ndi nsomba. Iye anati alipo ena amene amaziwotcha dala kuti alowe ndi pasipoti ya mwini, ndipo lamulo silimulola kungokhulupirira nkhope. Ndinati atsegule chikwama aone yekha. Anatsegula, n'kunena kuti nsombazonso n'zoletsedwa. Milamba makumi anayi inalowa m'bini ndikuona.

Ndinawauza kuti mwana wanga ali kuseri kwa chitseko icho ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu, ndipo yoyamba inapita padera ali yekhayekha. Ndinapempha kuti ndingokuona. Anandipatsa madzi akumwa, n'kundikweza ndege yobwerera.

Kuno a Clotilda oyandikana nawo aja akundifunsa ngati ndinapita kukaperekeza ndege. Ndimaseka nawo. Kuchipatala anati khungu la nkhalamba limachedwa kumera, mwina miyezi, mwina mizere ya zala osabwereranso. Andiletsa kuchapa ndi kukhudza moto. Ndangokhala manja pamiyendo, bambo ako akupsereza ndiwo.

Priska, usandidikire. Pempha mayi wamkulu mmodzi wa kutchalitchi kwanuko kuti adzakhale nawe m'chikuta ndi kusambitsa mwana mpaka mchombo utagwa. Usachite manyazi, ndipo usanene kuti a Rodgers akwanitsa okha. Undikhululukire, mwana wanga. Nsomba unapempha ndiwe, koma manja ndinaika ndine.

Upereke moni kwa a Rodgers. Bambo ako ndi Humphrey akupereka moni. Mulungu akusunge, akumasule bwino tsikulo.

Lamlungu lililonse ndimapaka inki chala chachikulu n'kudinda papepala, kuona ngati mizere yayamba kubwerera. Cha lero ndadinda pansi pa dzina langa. Ine ndikungoona banga lakuda. Mwina iwe, wa maso abwino, uonapo kanthu.

Ndine mayi ako,
Imelda