Boti la ku Marka

Lolemba, 12 Ogasiti 1974

Zaka khumi ndi chimodzi m'banja, lero ndiye bambo a Filo akumbuka kuti anthu amapita kutchuthi. Akuti mnzawo Lorenso, wa boti la injini lonyamula mchere ndi palafini, atitenga kuchokera pa Chiromo mpaka kwawo ku Marka. "Ana aone Shire ngati azungu." Ndaseka. Munthu wosagula ngakhale siwiti pa Khirisimasi! Komabe ndachapa, ndasita. Filo sakukhazikika ndi chimwemwe. Damiano akufunsa ngati mvuu imadya ana a sitandade wani. Makhadi a chipani ndaika kale m'chikwama, angatibweze panjira.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Basi kuchokera pa Ngabu, fumbi lokhalokha. Botilo fungo la palafini, denga lake tenti yong'ambika. Azungu ake amenewo. Khanda langa Lily walira kuyambira pa mlatho wa Chiromo mpaka dzuwa kupendeka, ine thukuta kamukamu.

Koma ndisaname, ana akondwa. Filo wawerenga mvuu khumi ndi zinayi, walemba m'kope mwake. Ng'ona imodzi inali gone pamchenga kukamwa yasa, Damiano wabisala m'chitenje changa. Tafika pa boma la Nsanje kukadali kowala. Bambo ake amugulira Filo diresi ndi nsapato kusitolo ya mmwenye. Yekha. Ndati nanga enawa? Akuti, "Awo mawa."

Lachitatu, 14 Ogasiti

Marka. Madzi achepa, boti latisiya kudambo, kotsalako wapansi pakati pa minda ya mbatata. Atilandira akulu awo a bambo a Filo, a Antonio, ndi akazi awo a Clotilda, aja akhala zaka zambiri opanda mwana. Apha mbuzi. Chikwatiwireni sanandiphereko ngakhale nkhunda!

A Clotilda "Muli tani?" wawo anali wapakamwa chabe, maso onse kwa Filo. Amugwira masaya, amuyeza msinkhu ndi dzanja, amuonetsa kachipinda kozira bwino, mphasa yatsopano ndi neti. Ine n'kumathokoza, ati ulemu wa alendo. Chitsiru ine.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Kuchitsime amayi awiri amalankhula Chisena, poyesa kuti Mmang'anja wa ku Maseya sakumva. Wina akuti, mayi wa mwana wa Clotilda uja ndi ameneyu. Mnzakeyo akuti, koma ngolimba mtima, wabwera naye yekha.

Ndowa ndaisiya pomwepo. Ndawapeza bambo a Filo pansi pa mgwalangwa akumwa uchema ndi akulu awo, ndawaitanira kuseri.

"Mwana wa Clotilda ndi uti?"

Sanachite manyazi n'komwe. "Amake Filo, usakweze mawu pakhomo pa eni. Akulu anga alibe mwana, ine ndili nawo atatu. Kwathu kuno sitimuonerera m'bale akukalamba m'nyumba ya zii."

"Kwathu ana ndi a amalume awo. Achimwene a Goodwell mwawafunsa?"

"A Goodwell analandira ng'ombe za malowolo. Akanafuna ana akanazibweza."

Ng'ombe zija! Kwathu sitilowola, mwamuna amabwera kudzamanga pamudzi pa mkazi. Zitafika ng'ombe achimwene anaziyesa zongothokozera, mudzi wonse n'kumanditama kuti Esinala wapeza mwamuna waulemu. Palibe anafunsa kuti zikugula chiyani. Inenso, mphunzitsi wathunthu, sindinafunse.

Atulutsa m'jekete kalata yosamutsira Filo sukulu. Ya mwezi watha. Asayina ndi ahedi a sukulu yomwe ndimaphunzitsa ine, amene ndimawapatsa moni m'mawa uliwonse. Ndiye kuti amadziwa onse, kupatula ine wochapa ndi kusita.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Filo sanauzidwe. Akuti ndimuuze ndine, popeza ndine mayi ake. Pamenepa pokha ndiye ndine mayi ake.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndinaganiza zothawa naye. Kudzera kuti? Boti ndi la mnzawo, mudzi ndi wa abale awo, ine mwana kumsana.

Ndamuuza m'mawa ndikumuluka tsitsi, kuti asandione nkhope. Iye akuti, "Amayi, ndalakwa chiyani?" Ndati palibe. "Ndikamatsuka mbale osauzidwa, mundibwerera?" Ndaluka mzere umodzi katatu.

Atiperekeza mpaka kudambo. A Clotilda agwada m'matope, agwira dzanja langa ndi manja awiri, akuthokoza m'Chisena, "Takhuta, mlamu, takhuta," misozi ili mbwembwembwe. Ndimafuna kudana nawo, zakanika, ndipo zimenezo zandipweteka koposa. Amene ndadana naye ndi mwamuna wangayu wakhala kutsogolo kwa boti akusenda nzimbe.

Filo sanalire, sanakweze dzanja. Wangoima mu diresi lija mpaka bango lamubisa.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Kukwera mtsinje n'kochedwa, injini ikutsokomola, namasupuni akukola kawirikawiri. Mvuu zilipo, palibe woziwerenga. Damiano sanadye chiyambire dzulo. Masana wasendera kwa bambo ake, akuti, "Ababa, nanga ine mudzandipereka kwa ndani?"

Lorenso waseka. Bambo akenso aseka, amusisita mutu. "Iwe ndiwe wanga. Kapena Lily akakula, azakhali ako a ku Tengani nawonso ali okha."

Anena mosavuta, ngati akugawa mbewu ya mapira. Lily ndamuchotsa pamiyendo, ndamubereka kumsana, ndamanga chitenje mfundo ziwiri.

Lolemba, 19 Ogasiti

Basi yafika pa Ngabu masana. Bambo a Filo atsika msanga kukalandira katundu wathu kuchokera padenga. Damiano wadzuka kuti awatsate, ndamugwira mkono, ndamukhazikanso. Anthu otsika atha, okwera alowa. Bambo a Filo ndimawaona pawindo akuwerenga mitolo, kenako akuyang'ana uku ndi uku. Ationa injini italira kale. Amenya galasi ndi chikhato, pakamwa pakuyenda, mawu osamveka.

Kondakitala wafika pampando wathu. "Mayi, si pano paja mumatsikira?"

Ndati ayi, tikutsikira ku Maseya.