Manja Akusupuka, Ukwati Wayandikira

Aphungu,

Ndine mtsikana wochita geni ya nsalu kuno ku Nkhotakota, ndipo kumapeto kwa mwezi uno ndikukwatiwa ndi Habibu. Ndinapita ku Dar es Salaam kukagula katundu ndi zovala za ukwati. Nditabwerako ndinadwala: thupi kutentha, kumbuyo kwa maso kupweteka, mafupa ngati andimenya. Kuchipatala anandiyeza malungo koma sanawapeze. Adokotala atamva kumene ndinapita anati zikufanana ndi matenda a dengue.

Kutentha kutatha, thupi lonse linatuluka zidzolo zofiirira zokhala ndi timadontho toyera pakati. Pano zikhatho ndi mapazi zikuyabwa ndiponso zikusupuka. Alamu anga a Safiya, mchemwali wake wa Habibu, atandiona anati, "Alamu, musatinamize, awa ndi mafuta oyeretsa khungu. Mumafuna mufike ku mzikiti ngati Mwarabu?" Tsono akuti ukwati usunthidwe, ndingapatsire mchimwene wawo. Mwiniwake Habibu angoseka: "Ine ndikwatira, olo ukhale wamawanga ngati nkhanga." Komanso azakhali anga agula kale hina wakuda, utoto woti andijambule nawo maluwa m'manja. Kodi zidzolozi zitha? Nanga hinayo ndipake?

A.J., Nkhotakota

Wokondedwa A.J.,

Mtima pansi, ukwati sukufunika kusuntha. Sindingakuyezeni kudzera m'nyuzipepala, koma zimene mwafotokozazi zikugwirizana ndi mawu a adokotala anu. Anthu ambiri odwala dengue amatuluka zidzolo, nthawi zambiri kutentha kukamatsika. Kuyabwa kwa zikhatho ndi kusupuka kumabwera munthu akamachira, ndipo kumatha kokha, kawirikawiri osasiya zipsera, bola musakande.

Alamu anu alakwitsa pawiri. Mafuta oyeretsa khungu amawonongadi, koma sapweteketsa mafupa kapena kumbuyo kwa maso. Komanso dengue sapatsirana pogwirana chanza kapena kudyera mbale imodzi. Amafalitsidwa ndi udzudzu wamizere yoyera womwe umakonda kuluma masana. Musalimbane nawo a Safiya. Apempheni akuperekezeni kuchipatala, akafunse okha. Nkhani ya mafutayo ikathera komweko.

Pakadali pano imwani madzi ambiri, sambani madzi ozizira, dzolani mafuta wamba opanda fungo, ndipo wengani zikhadabo. Ululu ukabwera imwani panado. Asipirini ndi burufeni ayi, chifukwa pa matendawa angachititse kuti mutaye magazi. Mukamagona masana lowani m'neti, vundikirani migolo ya madzi, ndipo tayani madzi ali m'zitini ndi m'matayala akale pakhomo.

Za hina: wakuda uja nthawi zambiri amasakanizamo mankhwala odayira tsitsi, omwe amawotcha ngakhale khungu labwinobwino. Pa manja osupuka asafikepo. Azakhali apeze wamasamba weniweni, wofiirira uja. Khungu likapola, ayese kaye pang'ono pamkono, muone ngati simutupa. Likapanda kupola nthawi yake, kakwatiweni ndi manja osajambula. Shehe safunsa za maluwa a m'manja.

Chenjezo langa ndi ili. Nthawi yoopsa ya dengue ndi pamene kutentha kwangotsika kumene, ndipo mwina inu mwaidutsa kale. Komabe mukaona magazi m'nkhama kapena m'mphuno, m'mimba mukupweteka kwambiri, mukusanza mosalekeza, kapena kufooka kwachilendo, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale mpunga wa alendo uli pamoto.

Aphungu