Akamwini Asowa mu Lipoti

Kawale, Lilongwe

Okondedwa achemwali a Kristina,

Moni wochuluka kuchokera kuno ku Lilongwe. Kodi mwadzuka bwanji ku Chisepoko? Nanga bondo la bambo lija lasiya kutupa? Ine ndili bwino, kungoti mtima uli m'mwamba chifukwa ndayambana ndi abwana anga, a Aroni.

Mukudziwa kuti bungwe lathu ligawa mbewu ya mtedza ku Dowa ndi ku Ntchisi mvula isanagwe, ndipo lipoti la oyenera kulandira ndimakonza ndine. Mu kompyuta muli matebulo atatu: la mayina a alimi, la minda, ndi la mbewu. Kuti lipoti lituluke, ndimalumikiza matebulowo, ndipo kompyuta imazindikira munthu ngati dzina ndi mudzi zafanana monsemo. Zikasiyana imangomutaya, osafunsa.

Nditalumikiza, ndinaona kuti anthu achepa. Nditafufuza, ha! Otayidwawo ndi amuna okhaokha, akamwini. Powafunsa kwawo, iwo ankatchula mudzi wobadwira, monga achitira mwamuna aliyense, koma munda unalembedwa kumudzi kwa mkazi. Bambo athu ali m'gulu lomwelo. Tebulo lina likuti Malizani wa ku Chezi, lina likuti Malizani wa ku Chisepo, ndiye kompyuta yati munthu wotero kulibe.

Ndinawaonetsa a Aroni. Iwo sanatsutse ayi, nawonso ndi a ku Ntchisi ndipo chikamwini akuchidziwa bwino. Anangoti opereka thandizo akudikira, lipoti lipite momwemo, otsalawo tidzawaona chaka chamawa. Chaka chamawa! Kodi munda umadikira? Ndinawauza kuti ine sindisayina. Iwo anati pakhomo pali anthu ambiri ofuna mpando wangawu. Ndinayankha kuti awaitane, koma akabwera adzapeza akamwini omwewo akusowabe.

Musandilembere zoti ndifatse, achemwali, ndikukudziwani. Mudzati ntchito ikusowa m'tauni, ndipo n'zoona, mantha ndili nawo. Koma ndakwiya. Bambo alima munda wa ku Chisepo uja chikwatirire mayi. Anagwetsa zitsa, anamanga chigafa, anatiphunzitsa sukulu ndi fodya wa pomwepo, koma pa nkhani iliyonse ya pamudzi amalume amawauza kuti akhale chete, iwo ndi mlendo. Tinkamva zimenezi tili ana. Tsopano ndakula.

Njira ilipo. Ndikufuna kulumikiza matebulowo ndi nambala ya chiphaso cha unzika, poti nambala sisintha munthu akakwatira. Vuto ndi loti olemba minda aja manambala sanawalembe. Pempho langa ndi limodzi: Lamulungu likudzali pemphani akatekisiti alengeze Misa ikatha kuti akamwini onse abweretse ziphaso tsiku lomwelo. Muzijambule pa foni yanu n'kunditumizira. Anzanga a ku Msakambewa ndi madera ena avomera kuchita chimodzimodzi. Bambo akakana, poti amachita manyazi, chiphasocho mukachitenge nokha m'thumba la jekete lawo lakutchalitchi.

A Aroni andipatsa mpaka Lolemba kuti lipotilo lituluke. Zikavuta ndibwera ndi chikwama changa, mundisungire khasu.

Moni kwa mayi, kwa alamu anga, amenenso ndi mkamwini, asaiwale chiphaso chawo, ndi kwa kamwana kanu Lusiya. Amalume muwapatsenso moni, ndipo muwauze kuti pamudzi angathe kuwatcha bambo mlendo, koma mu lipoti losayina ine dzina lawo likhalamo, pa munda wa ku Chisepo.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Lidia, mwana wa a Malizani