Dzanja Langa Lachira, Mayi

Okondedwa Mayi,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wanu ndi wa onse ku Tengani. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno kwa Maseya tadzuka bwino, dzuwa lokha ndi limene likutiwamba.

Mayi, zilembo mukuonazi ndi zanga. Sindinapemphe munthu kuti andilembere.

Mukudziwa mmene ntchito yosoka masaka a thonje kudepoti inandipwetekera. Tinkasoka titanyonyomala pasimenti kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kubaya ndi kukoka, kubaya ndi kukoka, mpaka dzanja lamanja linachita dzanzi, ngakhale kapu imandipulumuka. Kuchipatala anandimanga pamkono, nandiuza kuti ndikabwerera kukasoka chonyonyomala, dzanjalo lidzaferatu.

Nditapumula, ndinakapempha akapitawo, a Feston, kuti atipatse matebulo ndiponso kuti tizisinthana ntchito. Anandiyankha kuti pageti pali amayi ambiri ofuna malo anga. Ndinalira, Mayi, ndisakunamizeni.

Mnzanga Otilia atamva, anatiuza tonse osoka kuti tionetsane manja. Aliyense anali ndi pake potupa, kungoti timabisirana poopa kuchotsedwa. M'mawa mwake tinaika masingano pansi n'kukakhala patsinde pa mtondo. Anyamata onyamula masaka, amene misana yawo inatha kale, anabwera kudzakhala nafe. Malole anangoti ndondondo pamsewu, opanda wopakira.

Abwana aakulu atatuluka, ndinaimirira. Ndinawauza kuti ntchito sitikuikana, koma manja awa ndi omwenso amalera ana athu. Anayang'ana zala zathu mmodzimmodzi, kenako anaitanitsa kalipentala.

Lero tikusokera patebulo titakhala pabenchi. Ukasoka m'mawa, masana umakasankha thonje. Anyamata aja anawagulira mawilibala. A Feston amene aja adzandinong'oneza kuti nawonso phewa limawasowetsa tulo!

Tsono pempho langa ndi ili: ndibwezereni Tithokoze. Munamutenga chifukwa ndinkalephera kumukweza kumsana, ndipo munandigwira mtima. Dzulo ndanyamula ndowa yodzaza kuchokera kumjigo, osataya ndi dontho lomwe. Mwana wanga ndimunyamula. Achimwene a Raphael akamabwera kumsika Loweruka, amukweze panjinga. Adzandipeza ndili pamsewu, mbereko ili m'manja.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi amalume onse. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Jesinta