Foni ya Sellina

Lolemba, 8 Ogasiti 2022

Chipitireni Sellina ku Omani, zii. Mng'ono wanga uja satha tsiku osanditumizira kanthu, olo chithunzi cha nsapato zimene waona m'tauni. Pano mauthenga anga onse pa Watsapu angoima pa tiki imodzi. Amayi aimba kuchokera ku Bangula. Ndawanamiza kuti tinayankhulana dzana.

Lachiwiri, 9 Ogasiti

Pa nthawi ya lanchi ndathawa kuntchito ku Makata kupita kwa a Wilkins, ejenti amene anamupezera ntchito ya m'nyumbayo. Kaofesi kawo kali pamwamba pa shopu ya nsalu ku Limbe. Andilandira bwino, mpaka kundigulira chakumwa. Akuti, "Asisi, musadandaule. Mafoni ogula kuno sagwira netiweki ya kumeneko. Akalandira mwezi woyamba agula ina." Ndapempha nambala ya abwana ake. Akuti anthu a kumeneko sakonda kuimbiridwa ndi abale a antchito.

Mwina n'zoona, ndi munthu wa kutchalitchi kwathu. Koma bwanji sananene zimenezi mwana asananyamuke?

Lachinayi, 11 Ogasiti

Ndamupitira Twaha, amene anandigulitsa foni ya Sellina mumsika wa Limbe. Tsiku logula ndinamuuza kuti ikupita kunja, iye n'kulumbira kuti ndi yotsegula, yolandira simu ya dziko lililonse. Lero ndafika ndi ukali, moni sindinapereke. Iye kuseka. "Mayi, za batire ndikhoza kukunamizani, koma izi ayi."

Watenga ina yofanana ndi ya Sellina. Waikamo simu za makampani onse awiri a kuno, zagwira. Waika ya ku Joni, foni sinakane. Akuti msuweni wake ali ku Dubai ndi mtundu womwewo, anagula pabenchi pomwepo. "Ndipo olo simu ivute, Watsapu imayenda pa wayifayi ya m'nyumba."

Wogulitsa sanganyoze katundu wake, ndikudziwa. Komabe mumtima mwalowa kenakake.

Lachisanu, 12 Ogasiti

Ndawaimbira a Wilkins. Ndati ndikapanda kumva mawu a Sellina sabata ino ndipita kupolisi. Akuti, "Tiona, asisi."

Loweruka, 13 Ogasiti

Matiki awiri! Ndinali pa mpopi, ndowa n'kusefukira. Uthenga n'kulowa: "Ndili bwino achemwali, ntchito yachuluka. Musawavutitse a Wilkins."

Ndalira pomwepo, anthu kudabwa. Kufika m'nyumba ndawerenganso. Sellina chibadwire sananditchulepo achemwali, ine ndine "sisi Salo". Ndipo salemba mawu athunthu chonchi, amadula mpaka ena osamveka. Ndamupempha kuti ajambule mawu anditumizire. Yankho: "Abwana sakulola."

Nanga foni yosagwira netiweki ija yagwira bwanji lero? Wadziwa bwanji kuti ndikuwavutitsa?

Lamulungu, 14 Ogasiti

A Wilkins ndi amene anawerenga zolengeza kutchalitchi. Sindinamve olo chimodzi.

Lolemba, 15 Ogasiti

Ndasiya Watsapu, ndaimba molunjika nambala yake ya kuno. Yaitana! Woyankha palibe, koma yaitana ngati munthu ali ku Nkolokosa.

Poweruka ndabwerera kwa Twaha. Wandifunsa ngati Sellina anakayatsitsa zija zoti simu ya kuno izigwira ali kunja. Ndati ayi, zoyendayenda zonse tinkayenda limodzi, kumeneko sitinapiteko. Wasiya sikuludiraiva, lero osaseka. "Mayi, sindikufuna kuipitsa dzina la munthu. Koma ine ndikuona ngati foni imeneyi ili konkuno."

Ndawafotokozera abambo a kunyumba, a Laban. Sanadye. Akuti mawa apempha kuntchito, tipitire limodzi kwa a Wilkins.

Lachiwiri, 16 Ogasiti



Tinafika kwa a Wilkins cha kum'mawa. Ndinati tabwera kudzathokoza, mwana wayankhula. Anamwetulira. "Mwaona? Ndinakuuzani, asisi, kudekha basi." A Laban anaima pafupi ndi chitseko. Ine dzanja lili m'chikwama, ndinadina nambala ya Sellina.

M'dirowa ya tebulo lawo munayamba kumveka grrr, grrr.

Anakhosomola, n'kukweza mawu, akunena za mitengo ya ndege. Ndinadula, phokoso linaleka. Ndinaimbanso, linayambanso.

"Ndi ya kasitomala," anatero.

A Laban anangozungulira tebulo n'kukoka dirowayo. Munali mafoni angapo omangidwa ndi labala. Yoyaka inali ya Sellina, pagalasi pakuoneka "Sisi Salo".

"Ndinamusungira pa Chileka," a Wilkins anatero, thukuta kamukamu. "Kumeneko akanamulanda. Ndimawathandiza atsikanawa."

"Ndiye uthenga wa Loweruka munalemba ndinu?" ndinafunsa.

Anangopukuta thukuta.

"Bambo Wilkins, mng'ono wanga ali kuti?"

Anayang'ana pawindo, kenako pansi. "Nyumba yake sindikuidziwa. Ine ndimangowafikitsa pabwalo la ndege, kwinako amalandira ndi ena."

A Laban anatseka chitseko, kiyi n'kuika m'thumba. Anati, "Salome, imba kupolisi."