Balakate Wanu Ndamubanso

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Ndikanafunsa kuti mwadzuka bwanji, koma sindidziwa ngati kumeneko anthu amadzuka kapena amangotembenuka.

Kuno ku Tete dzuwa ndi lomwe lija munalisiya. Zaka zisanu ndi chimodzi chichokereni inu, ilo silinakalambe ngakhale pang'ono, wakalamba ndine. Mano anditsalira asanu ndi awiri, ndipo awiri mwa iwo sagwirizana ndi anzawo. Mbuzi za kuno ku Chimadzi nazo mwano sizinasiye. Dzana ina inalowa m'kintale, bwalo lathu la mumpanda lija, n'kudya sopo, inatuluka thovu lili kukamwa ngati mlaliki wa pamsika.

Nkhani yabwino ndi yakuti mdzukulu wanu Luwiza wabereka mwana wamkazi ku Ulongwe. Ndamuona pa telefoni. Ali ndi tsinya lanu lenileni, lija munkachita mukapeza munthu wapisa dzanja mumphika wa ndiwo. Mpongozi wanu, make Luwiza, anapita komweko kukathandiza, n'kundisiya ndekha miyezi iwiri ndi mbaula, miphika itatu ndi mbewu zanu. Nkhani yagona pamenepo, koma ndiloleni ndiyambe ndazungulira kaye. Mukudziwa kuti galu wolakwa salowera khomo la kumaso.

Kintale yanu tikuisunga monga munatiphunzitsira. Chaka chatha mdzukulu wanu Joze anabwera ndi nzeru yakuti tizule zonse tidzale kapinga, pakhale pobiriwira ngati pa maofesi a m'tauni. Ndinamufunsa ngati kapinga amatendeleka ndi nsinjiro. Kapinga amamwa ngati mfumu, pamene kuno madzi a pampopi amabwera ngati mlendo, osanena tsiku. Ndiye bonongwe wanu alipo, luni alipo, therere ndi nkhwani zilipo. Pansi timafunditsa masamba ouma kuti dothi lisapse. Nyerere zikachuluka timawaza phulusa. Nsabwe zikagwira masamba, make Luwiza amasinja masamba a nimu, kuwaviika, n'kuwaza madzi akewo. Zitosi za mbuzi ndimatola ndekha mumsewu, ndimati ndiwo msonkho wawo pa sopo amene zimadya. Nzeru yanga ine ndi imodzi yokha: mabotolo odzaza madzi, oboola pachitsekero, ozika chadodolido pafupi ndi tsabola kuti azidontha pang'onopang'ono. Anthu odutsa amayesa ndadzala mabotolo, ndipo ndimawauza kuti akabereka ndidzawagawira.

Lamulo lanu lija sitinaliiwale: "Madzi sagwira ntchito imodzi. Otsukira mpunga amwe tsabola, osamba amwe nthochi, otsukira mbale aphe fumbi pabwalo." Ndalisunga, Amayi. Ndalisunga mopitirira, ndipo ndi limene landigwetsa.

Mukukumbukira balakate wanu, udzu uja wonunkhira ndimu, wa mu theka la mgolo pakhonde. Munamudzala koyamba kwa Lizulu, zaka zija nkhondo inatithamangitsira ku Malawi. Masamba a tiyi kunalibe, koma m'mawa uliwonse munkadula masamba atatu, kuwapinda, kuwamanga mfundo, kuponya m'madzi owira, ndipo ife tinkamwa ndi mbatata yootcha n'kumadziona ngati anthu. Mtendere utabwera, pokwera lole yobwerera kuno, munasiya mtondo, munasiya mpando, koma phata la balakate munalinyamula m'chitini cha mkaka pamiyendo panu njira yonse. Madzi anu akumwa munkagawana nalo. Ine ndinadandaula ludzu, inu munati, "Iwe uli ndi miyendo, ukafika ukamwa. Uyu akamwa kuti?"

Tsono make Luwiza atachoka, ndinayamba kudziphikira. Ndiwo yosavuta kwa mwamuna wokhala yekha ndi nsomba ya chikowa, youma ija yamchere. Ndimaiviika, kusintha madzi kawiri, kukazinga anyezi ndi matimati, kuponyamo nsomba, pomaliza kansinjiro pang'ono. Ndinafika poidziwa moti mphaka wa a neba anasamukira kwathu. Ndinadya chikowa lolemba, chikowa lachiwiri, chikowa mpaka lamulungu. Nanga madzi oviikira aja? Kutaya ayi, Amayi anakana. Ndinaganiza kuti madzi a nsomba ndi msuzi, ndipo woyenera msuzi pakhomo pano ndi mkulu wa mbewu zonse. Tsiku lililonse ndinkathira mumgolo wa balakate, ndikumuuza kuti, "Idyani agogo, lero kuli ndiwo."

Nsonga za masamba zitayamba kufiira, ndinati ndi ludzu, ndinaonjezera msuzi. Patatha masabata asanu anali atauma gwa. Pamwamba pa dothi panali poyera ngati pathiridwa ufa. Ndinanyambita chala, ndipo lilime linandiuza zimene mutu unalephera kundiuza. Mchere, Amayi. Udzu umene unapulumuka nkhondo, lole ndi dzuwa la ku Tete ndaupha ine ndi ulemu.

Joze pa telefoni anati, "Bambo, balakate ali paliponse, pemphani kwa aliyense." N'zoona, ali paliponse. Koma wa kwa Lizulu, wokwera lole pamiyendo panu, ndinadziwa kuti watsala pamalo amodzi okha m'dziko lonse lino: kwa a Nangozo.

Musachite tsinya, Amayi, werengani kaye. Ndikudziwa kuti dzina limeneli munaliletsa pakhomo pano. Koma pali chimene simudziwa, ndipo ndachisenza zaka makumi atatu.

A Nangozo anali mnzanu wa pamtima. Kwa Lizulu munkaima limodzi pamzere wa ufa, kuno munamanga moyandikana. Anakupemphani phata la balakate, inu munati adikire mvula, akadali wamng'ono. Komanso munkakonda kunena kuti, "Mbewu yopempha siphuka, yakuba ndiyo imagwira." Lamulungu lina mutapita kutchalitchi, theka la balakate linazulidwa, ndipo munalipeza litadzalidwa pafupi ndi bafa la a Nangozo, poyera penipeni. Munaima pampanda n'kunena kuti, "Tinadyera mbale imodzi ku Malawi, kani ndinkadya ndi mbava." A Nangozo analowa m'nyumba, anatenga sefa yanu imene anabwereka, anaiika pampanda, basi. Kuyambira tsiku limenelo simunalonjeranenso. Kenaka anasamukira ku Matema, tsidya la mtsinje. Pamaliro anu anabwera, anakhala kutali pansi pa msawu, anachoka osadya.

Amayi, anazula ndine.

Ndinali bambo wa ana awiri kale, ndevu zili pachibwano, koma ndinangofuna kuona nkhope yanu. Ndinati mudzakalipa pang'ono, ine ndidzatulukira n'kunena kuti ndimayesa mwambi wanu ngati uli woona, tonse tidzaseka. Ndinabisala kuseri kwa khitchini ndikudziluma mlomo kuti ndisaseke mokweza. Koma nditamva liwu lakuti mbava, kuseka kunathera pomwepo. Ndinati ndiulula madzulo. Madzulo ndinati mawa. Mawa lakelo linakula, linamera mizu, mpaka ndinakuperekezani kumanda lili m'kamwa mwanga.

Lachinayi lapitali ndinavala malaya a kutchalitchi, ndinagula shuga ndi mbatata, ndinakwera shapa, minibasi ya kuno, kuoloka mlatho. Ndili pakati pa mlatho ndinayang'ana Zambezi n'kuganiza kuti ng'ona mwina zikanandilandira bwino kuposa kumene ndikupita. Nyumba sindinavutike kuipeza. Mphepo ya ku Matema inandibweretsera fungo la khonde lanu ndisanafike pachipata. Balakate wawo, Amayi, ndi wofika m'chiuno, mapata anayi, wobiriwira ngati kumeneko kumagwa mvula yawoyawo.

A Nangozo akalamba kwambiri. Maso achita mtambo, akuyenda ndi ndodo, koma makutu ndi a mtsikana. Ndinangoti odi, iwo anati, "Ameneyo ndi Jowakimu wa mnzanga. Mawu a munthu wosamva sasintha. Wafera ndani?"

"Sikunafe munthu, amayi. Wafa balakate."

Ndinawafotokozera za chikowa. Anaseka mpaka kutsokomola, anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Nkhalamba yonse iwe, kuthirira mbewu ndi mchere? Bwanji sunathiremo ndi anyezi womwe?"

Kenaka ndinagwada. Maondo anga masiku ano akagwada amafuna kalata ya boma kuti adzukenso, komabe ndinagwada. Ndinati, "Amayi, tsiku lija anazula n'kudzala pabafa panu ndine."

"Ndikudziwa," anatero. "Tsiku limenelo kutchalitchi sindinapite, ndinali ndi malungo. Ndinakuona pazenera, matako ali m'mwamba, ukukumba ndi chikwanje."

Ndinafunsa chimene sananenere.

"Ndikanati wakuba ndi mwana wanu, akanandikhulupirira? Ndipo akanakhulupirira, ndiye kuti ndamulanda mwana. Ndinati mwanayo pakamwa ali napo, anena yekha. Ndinadikira, iwe. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Ndadikira mpaka mnzanga kupita osandilonjera."

Sanakweze mawu, Amayi. Bola akanandimenya ndi ndodo ija. Ine amene ndimakhala ndi yankho pa chilichonse, amene ndinaseketsa anthu ngakhale pamaliro a bambo, ndinangoyang'ana nyerere zikudutsa pafumbi.

Patapita nthawi anaitana mdzukulu wawo kuti aike madzi pamoto. Anadula okha masamba atatu mopapasa, kuwapinda, kuwamanga mfundo, chimodzimodzi inu. Anati munawaphunzitsa ndinu. Anati m'mawa uliwonse zaka zonsezi akamamwa amati, "Mwadzuka bwanji anzanga," ngakhale masiku amene munali moyo tsidya lino mutakwiya. N'chifukwa chake sanauzule udzuwo, ndipo posamuka anaunyamula. Tinamwa ndi mbatata. Ndinatseka maso, ndinali kwa Lizulu, kukuzizira, inu mukupemerera moto ndi chivindikiro cha mphika.

Nditapempha phata limodzi, anakana.

"Sindikupatsa. Yopempha siphuka, amako ankatero. Ine ndikukagona, maso anganso saona. Khasu lili kuseri kwa khitchini." Atafika pakhomo anatembenuka. "Koma ukamuuze mnzanga. Ine ndatsala pang'ono kupita, sindifuna kukafika kumeneko ndili mbava."

"Ndikawauza bwanji, amayi?"

"Si kusukulu unafika kwarta kalasi iwe? Lemba."

Ndiye ndalemba, Amayi. Ndipo ndinaba, masana dzuwa likuswa mtengo, mwini wake akuchita nkonono wabodza m'nyumba. M'shapa ndinalinyamula pamiyendo. Wina anati ndiike pansi, ndinamuuza kuti ameneyu ndi wamkulu kuposa iye.

Dothi lamchere lija ndinakataya kutali. Mgolo ndinautsuka katatu, ndinaikamo timiyala pansi, kenaka dothi la kumtsinje losakaniza ndi mchenga ndi zitosi zakale za mbuzi. Masamba ndinawadula kusiya chikhatho chimodzi, ndinatchinga dzuwa ndi mphasa yakutha. Akumwa madzi otsukira mpunga okha. Chikowa ndasiya, mphaka wabwerera kwawo. Lero m'mawa ndapeza kansonga kobiriwira katulukira pakati, kakang'ono ngati singano. Mwambi wanu ndi woona ndithu, koma ndaulipira mtengo woposa, ndipo analipira kwambiri si ine.

Make Luwiza akubwera loweruka. Ndimuuza zonse, za mchere ndi za chikwanje zomwe. Mukamva phokoso kumeneko musadabwe.

Sefa ija ikadali pamsomali pomwe munaipachika tsiku lija. Ndinkadabwa kuti simunasefereponso ufa, koma simunalole kuti munthu aitaye. Tsopano ndamvetsa. Lamulungu ndikaipereka ku Matema, ndikawauza kuti mwawabwereka ndinu, ndipo sabata iliyonse ndizioloka mlatho ndi mbatata mpaka mmodzi wa ife atatopa. Mvula ikagwa ndidzagawa phatali patatu: lina likhale pakhonde, lina lipite ku Ulongwe kwa mwana wa tsinya lanu, lina ndidzadzale kumutu kwanu. Kalatayi ndidzaikwirira pansi pake, chiswe chidzakuwerengereni.

Ndikupempha chimodzi. A Nangozo akafika kumeneko, muyambe ndinu kuwalonjera. Tsinya lonselo mundisungire ine, ndikubwera nalo khutu langa, mudzalikoke mmene mungafunire.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndachedwa nazo zoona.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Jowakimu